Titus Salt

Titus Salt anali mwini mafakitale a nsalu komanso phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Britain. Anabadwira ku Morley, pafupi ndi Leeds, pa 20 Seputembala 1803. Bambo ake, a Daniel Salt, ankachita malonda a ubweya wa nkhosa ku Bradford, ndipo Titus anaphunzirira komweko ntchitoyo.

Mwayi unamugwera mu 1836. Ali ku Liverpool, anapeza mabelo a ubweya wa alpaca, nyama ya ku Peru, atangounjikidwa popanda wowagula. Anatengako, nayesa kuluka ubweyawo pamodzi ndi ulusi wa thonje, ndipo panatuluka nsalu yosalala, yonyezimira, imene inayenda malonda kwambiri. Pofika 1848 anali mpondamatiki ndiponso meya wa Bradford, mzinda umene unkachita kufuka utsi. Chaka chotsatira kolera anapha anthu ambiri kumeneko.

Salt anaganiza zosamutsira ntchito zake kunja kwa mzinda, pafupi ndi Shipley, pomwe panadutsa njanji ndi ngalande ya mabwato yochokera ku Leeds kupita ku Liverpool. Fakitale yatsopanoyo inatsegulidwa pa 20 Seputembala 1853, tsiku lomwe iye ankakwanitsa zaka 50. Pambali pake anamangira antchito nyumba zoposa 800, sukulu, chipatala, tchalitchi ndi malo osambira ndi kuchapira. Malo omwera mowa okha sanawalole.

Mudziwo anautcha Saltaire, polumikiza dzina lake ndi la mtsinje wa Aire. Mayina a misewu ndiye osangalatsa, chifukwa woyenda m'mudzimo amachita ngati akuwerenga kaundula wa banja. Caroline Street ndi ya mkazi wake. George, Edward, Herbert, Amelia, Fanny, Helen, Mary ndi Ada ndi ana ake. Misewu ya Victoria ndi Albert inapita kwa Mfumukazi ndi mwamuna wake. Ngakhale Lockwood ndi Mawson, amene anajambula mapulani a mudziwo, aliyense ali nawo wake.

Uphungu wokha sunamuyanje. Anasankhidwa mu 1859 kuimira Bradford ngati wa chipani cha Liberal, koma mu 1861 anatula pansi udindowo chifukwa cha kudwaladwala. Anapatsidwa ulemu wa "Sir" mu 1869, namwalira pa 29 Disembala 1876. Manda ake ali patchalitchi cha ku Saltaire.

Olemba mbiri amasiyana maganizo ngati anamanga mudziwo chifukwa cha chifundo kapena pofuna kulamulira antchito ake. Fakitale inasiya kupanga nsalu mu 1986, ndipo mu 2001 UNESCO inaika Saltaire pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.