Default

Mawu akuti default amatanthauza mmene opanga anatcherera kompyuta kapena foni mwiniwake asanasinthe kalikonse. Amisiri akati "tibweze pa default", akunena zobwezeretsa chinthu mmene chinabwerera. Sikuti nthawi zonse afufuta zonse zili mkatimo. Kawirikawiri amangokonza kachigawo kamodzi.

Chitsanzo chili kwa achinyamata obena nyimbo pa Lirangwe ndi ku Chileka. Akalowetsa fulashi kapena memori khadi mu kompyuta ya Windows, kabokosi kamatulukira n'kufunsa chochita nayo. Imene imazindikira chalowacho ndi pulogalamu ya Shell Hardware Detection, yomwe yakhalapo kuyambira pa Windows XP ya mu 2001. Default yake ndi Automatic: imadzuka yokha kompyuta ikayatsidwa.

Ena amaizimitsa poopa mavairasi a m'mafulashi. Zikatero kabokosi kaja sikatulukanso, ndipo sikana imatha kukana ntchito. Pobwezeretsa, tsekulani services.msc, pezani dzina la pulogalamuyo, sankhani Automatic, kenako dinani Start. Nyimbo ndi zikalata zanu sizikhudzidwa.