KUCHOKA PA TCHENI KUFIKA PA MAKINA OTEMBENUKA OKHA

Kuno ku Phalula dzuwa likuswa mtengo, minda tasosa kale, tikungodikira mvula basi. Lero nkhani ndi yaitali, ndiye khalani pansi.

Sabata yatha kunabwera mwana wa mlongo wanga, uja anaphunzira zoyeza malo ku Poly, imene pano akuti MUBAS. Iye ndi anzake awiri akufuna kugula makina oyezera malo pangongole. Ndalama yoyambira akuti isonkhedwe, ndiye mbali yake akufuna tigulitse ng'ombe ziwiri za mayi ake. Ine monga mwini mbumba, mawu anga akufunika.

Anandionetsa pafoni. Dzina lake akuti robotic total station. Amawaimika pa miyendo itatu, iwe n'kutenga ndodo yokhala ndi kagalasi pamwamba n'kumayenda nayo. Makinawo amatembenuka okha kulondola kagalasiko, n'kumalemba mtunda ndi ngodya. Palibe munthu woima kumbuyo kwake. Amene iye wawakonda ali ndi sikana: amawombera kuwala pa chinthu, madontho masauzande pa sekondi imodzi, mpaka mlatho kapena mulu wa miyala uoneke pa kompyuta monga ulili.

Ndinati, "Iwe, ndisanayankhe za ng'ombe, umve kaye mmene malo ano akhala akuyezedwera." Zimene ndinamuuzazo ndi izi.

Kale makolo athu analibe tepi. Amfumu ankayenda ndi munthu wopempha malo, anthu akuona, n'kumaloza: kuyambira pa chulu icho, kutsika ndi khwawa, kukathera pa mlambe uwo. Kenako mwini munda ankadzala nkhadze kapena khonje. Chikalata chake chinali maso a anthu amene analipo tsikulo.

Pepala linabwera ndi atsamunda. Kuyambira 1892, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Ena monga Eugene Sharrer anatenga malo aakulu zedi. M'zikalata zambiri munali mawu oti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, koma anthu ambiri anadzapezeka ali alendo pa esiteti, akugwira thangata. Inu nonse mukudziwa kuti mkwiyo wa thangata ndi umodzi mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu January 1915, pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero. Mu 1946 boma la atsamunda linachita kuitana Sidney Abrahams kudzafufuza za madandaulo a malo. Apa muone: pepala linalipo, siginecha inalipo, koma eni nthaka ambiri sanafunsidwe.

Chida cha asaveya a nthawi imeneyo chinali tcheni chachitsulo. Kutalika kwake mapazi 66, pafupifupi mamita 20, mfundo zake 100. Anachiyambitsa ndi Edmund Gunter ku England cha m'ma 1620. Ekala imene timaitchula tsiku ndi tsikuyi inkayezedwa ndi tcheni chomwechi: matcheni 10 m'litali, tcheni chimodzi m'lifupi, imeneyo ndiye ekala. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka.

Agogo anga aamuna ankakonda kusimba kuti ali mnyamata anakokako tcheni kwa mzungu wina woyeza. Ntchitoyo inkafuna anthu ambiri: wokoka kutsogolo, wogwira kumbuyo, olambula tchire, onyamula kagalasi ka miyendo itatu koyezera ngodya, okhoma zikhomo. Ambiri anali anyamata a m'midzi momwemo. Malipiro anali ochepa, koma taonani chinthu chimodzi: pobwera madzulo, mudzi wonse unkadziwa pamene chikhomo chakhomedwa. Aganyu aja anali mboni osadziwa.

Titalandira ufulu kunabwera Land Act ya 1965, yogawa malo patatu: a boma, a lizi kapena ogula, ndi a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Mu 1967 anapanga malamulo olembetsera malo a makolo, koma anakayesera kumadzulo kwa Lilongwe. Kuno kwathu tinapitiriza ndi chulu ndi nkhadze.

Ine ndakula tikulembedwa kuti ndife a boma la Machinga. Balaka inakhala boma palokha mu 1998. Tsiku limenelo munda wanga sunasunthe ngakhale phazi limodzi, koma pa mapu ndinasamuka. Ndi pamene ndinazindikira kuti mzere wa pa pepala uli ndi mphamvu kuposa khasu.

Kenako mu 2004 kunayamba pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ndi thandizo la World Bank. Mabanja osowa minda, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anagula maesiteti ku Machinga ndi Mangochi, pambuyo pake Balaka ndi Ntcheu analowamonso. Pofika 2011 mabanja oposa 15,000 anali atapeza malo, banja lililonse pafupifupi mahekitala awiri. Nthawi imeneyo ndi pamene ambirife tinayamba kumva za GPS, kachida kofunsa malo ku masetilaiti.

Zaka zotsatira asaveya anachuluka m'dera lathu lino. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize inadzalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya. Siteshoni yaikulu ya magetsi inamangidwa pa Phombeya, nthambo zake kupita ku Nkhoma. Tinazolowera kuona anthu a zipewa zolimba ataimika makina m'mbali mwa msewu wa M1. Koma gulu lija la agogo linali litachepa: anthu awiri kapena atatu, ntchito yatha.

Mphwangayo akuti makina oyeza ngodya ndi mtunda pamodzi anayamba cha m'ma 1970, otembenuka okha anatulukira ku Sweden mu 1990, ndipo okhala ndi sikana ndi a posachedwa: a Leica mu 2013, a Trimble mu 2016. Ndiye onani ulendo wake. Tcheni: anthu khumi. Total station wamba: anthu awiri. Robotic: munthu mmodzi. Makina akamachenjera, mboni zikuchepa.

Izi sindikunena zongomva. Chaka china mnansi wanga wa kumadzulo anapereka gawo la munda wake kwa bwana wina wa m'tauni, amene anabwera ndi woyeza wake. Tsikulo ine ndinali ku maliro kutsidya kwa Shire. Pobwera ndinapeza bikoni ya simenti ili mkati mwa nandolo wanga, mizere isanu ndi iwiri yapita. Nditadandaula anandionetsa pepala lodzaza manambala, amvekere makina sanama. Zoona, makina sananame. Anayeza bwinobwino pamene analozeredwa. Wonama anali chala.

Nkhaniyo inatenga dzinja ziwiri. Anaithetsa ndi mayi ena okalamba a m'mudzi mwathu, amene sadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Pamaso pa amfumu anati, "Kumbani apa." Titakumba tinapeza zitsa za khonje amene anadzala malemu amalume anga. Bikoni inazulidwa. Koma nandolo wa zaka ziwiri sanabwerere, ndipo ndi mnansi uja mpaka lero timangopatsana moni wa pamsewu.

N'chifukwa chake lamulo la Customary Land Act la 2016 ndimaliona ndi maso awiri. Likuti munthu atha kulembetsa malo a makolo n'kukhala ndi chikalata. Likutinso pakhale komiti ya malo, wapampando gulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Kwa ife a chikamwini, kumene munda umayenda ndi mbumba, mfundo ya amayiyo ndi yaikulu. Koma komitiyo ikangokhala ya pa pepala, woyeza n'kubwera yekha ndi makina ake anthu ali kumaliro, tabwerera ku 1892.

Tsono mnyamata uja ndinamufunsa mafunso anayi. Loyamba: ntchito zimene wapeza kale ndi ziti? Ngati ndi milatho, nyumba zosanja ndi miyulu ya kwale, sikana ili ndi phindu. Ngati ndi minda ndi mapuloti, ukulipira ndalama zambiri kuti ujambule masamba a mitengo. Iye mwini anavomera kuti sikana imajambula chimene ikuona, siingaone chitsa chili pansi pa dothi. Lachiwiri: akawonongeka ndi fumbi ndi kutentha kwa kuno, okonza ali ku Blantyre kapena mpaka Johannesburg, ndipo ngongole idzadikira? Lachitatu: mabatire ake amatha tsiku lonse kumudzi kopanda magetsi? Lachinayi: bwanji osabwereka kaye pa ntchito imodzi, muone ngati akubweza ndalama?

Anakhala chete, kenako anati, "Malume, lachinayilo ndikakambirana ndi anzanga."

Ng'ombe sitinagulitse, koma sindinakanenso. Ndamuuza abwere mwezi wa mawa ndi mapepala a ntchito zimene walonjezedwa, tikhale pansi ndi mayi ake. Ndipo ndamuuza kuti makina alionse amene adzagule, asadzakhome bikoni m'munda wa munthu popanda amfumu, eni munda a mbali zonse ziwiri, ndi amayi aakulu a pamudzipo. Makina atha kugwira ntchito ndi munthu mmodzi, koma malire safuna munthu mmodzi.

Inu amene makolo anu akadali moyo, musadikire asaveya. Mvula isanagwe, yendani nawo m'malire a munda, ana ali pambuyo, akulozereni chulu ndi chitsa chilichonse. Pamene khonje anafa, dzalani wina.

Ndikatsekere mbuzi, kwada.