Njira za Mumlengalenga: Mbiri ya Maulendo Ataliatali Ochokera ku Nsaru

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kupita ku Nsaru amatsata msewu wa ku Mchinji, ndipo akafika pabwalo lakale la ndege amapatukira kudzanja lamanja, kulunjika kwa Kabudula ndi ku Kasiya. Bwalo limenelo, lomwe masiku ano anthu amalitcha Airwing chifukwa lili m'manja mwa asilikali, ambiri amalidutsa osaliponyera diso. Komatu mbiri ya maulendo ataliatali a anthu a ku Nsaru, ku Namitete, ku Mpingu ndi ku Nambuma inadzera pamenepo. M'chimangirizo chino tiona mmene njira zopitira kumaiko akutali zakhala zikusinthira, ndiponso amene ankasankha njirazo pa nyengo iliyonse.

Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mwamuna aliyense anayenera kupeza ndalama. M'zaka za m'ma 1920 fodya wa chikopa anafala m'chigwa cha Lilongwe, mzungu wotchedwa A.F. Barron atatsegula esiteti ya Mbabzi ndi kuyamba kulimbikitsa alimi a m'midzi kulima mbewuyi. Koma mitengo ya fodya itagwa, amuna ambiri anaona kuti msonkho, nsalu ya mayi ndi bulangete sizingatuluke m'munda. Choncho ankamanga kamba wa ufa ndi mtedza n'kuuyamba wapansi kupita ku Halale kapena ku Joni. Ulendo wotere unkatchedwa wa selefu, popeza munthu ankapita yekha popanda kulembedwa ndi kampani. Ankayenda m'magulu kwa milungu ingapo, kuoloka Zambezi pa Tete kapena pa Feira, akulimbana ndi njala, zilombo ndi achifwamba. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa m'chaka cha 1935 inapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 a dziko lino anali kunja. Ena mwa iwo sanabwererenso, ndipo ndi amene timawatcha matchona.

Pa nthawi yomweyo ndege zinali zitayamba kuuluka m'dziko muno, koma sizinali za munthu wa kumudzi. Kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways inayamba m'chaka cha 1933, ndipo m'chaka cha 1946 kunabadwa Central African Airways, imene likulu lake linali ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare. Kuyambira 1949 mpaka 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkatera ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku South Africa. M'chaka cha 1953 Central African Airways inatsegula ulendo wa ku London umene unkatenga masiku anayi, okwera akugona ku Nairobi, ku Wadi Halfa ndi ku Malta. Ndege za nthawi imeneyo sizinkanyamula mafuta ambiri, motero zinkadumphadumpha ngati chiwala, kuchoka bwalo ili kutera bwalo linalo. Okwera ake anali akuluakulu a boma, eni maesiteti ndi amishoni.

Chodabwitsa n'chakuti Amalawi oyamba kukwera ndege mwaunyinji anali anthu osauka, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lawo. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide la Witwatersrand Native Labour Association, limene ife timalidziwa ndi dzina lakuti Wenela, linayamba kunyamula anthu pandege m'chaka cha 1952. Mnyamata wa ku Nsaru ankapita ku ofesi ya Wenela ku Lilongwe, kumene ankamuyeza m'chifuwa, kumukweza pasikelo ndi kumudindisa chala pa pepala la mgwirizano. Akapambana, ankakwera ndege ku Lilongwe kapena ku Chileka, ndipo inkakamutula ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, lomwe linadzatchedwa Botswana m'chaka cha 1966. Kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg, kumene ankagawidwa m'migodi yosiyanasiyana.

Francistown inasankhidwa chifukwa inali pa njanji yopita kummwera, ndiponso inali pakatikati pa maiko onse amene Wenela inkatengako anthu. Ndege zochokera ku Nyasaland, ku Barotseland ndi kumpoto kwa Bechuanaland zinkasonkhanitsa anthu pamalo amodzi, kenaka sitima n'kuwanyamula onse pamodzi. Ulendo umene unkadya milungu unasanduka wa masiku owerengeka, ndipo zoopsa za m'tchire zinachepa. Komabe wokwerayo analibe mawu pa ulendo wake. Sankagula tikiti, sankasankha tsiku, ngakhalenso mgodi wokagwirako ntchito. Gawo la malipiro ake ankalisunga kuti adzalandirire kuno kumudzi mgwirizano ukatha. Njinga, mawailesi, makina osokera ndi malata ambiri a m'midzi ya m'dera lino zinagulidwa ndi ndalama zimenezi. Pofika chaka cha 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

Pa 4 April 1974 panachitika ngozi imene inasintha zonse. Ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown kulunjika ku Blantyre, itanyamula amuna amene anali atatsiriza mgwirizano wawo. Itangouluka pang'ono, mainjini ake anayamba kufooka, ndipo inagwa n'kuyaka moto isanathe kubwerera pabwalo. Anthu oposa 70 anafa, pafupifupi onse Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathiridwa m'ndegemo anali osakanikirana ndi mafuta a ndege za mtundu wina. Anthu amene anapulumuka m'mathanthwe a pansi pa nthaka anafera panjira yopita kwawo, katundu wa ana awo ali m'masutikesi.

Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. H. Kamuzu Banda, analamula kuti Wenela ileke kulemba anthu m'Malawi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Akatswiri ena a mbiri yakale amanena kuti ngoziyo inangofulumizitsa chimene boma linali kuchifuna kale, chifukwa maesiteti a fodya amene ankatsegulidwa ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Lilongwe ankasowa antchito. Kulemba anthu kunayambanso m'chaka cha 1977 kudzera ku bungwe la TEBA, lomwe anthu ankalitcha Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pa chakale. M'chaka cha 1988 ulendowu unatheratu, maboma awiriwa atasemphana maganizo pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV asanalembedwe ntchito.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono kuti tione ndege za dziko lathu. Air Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo inaima payokha m'chaka cha 1967. M'zaka zimenezo njira za mumlengalenga zinkapindidwa ndi ndale. Kuyambira 1963 maiko ambiri a mu Africa analetsa ndege za South African Airways kudutsa mumlengalenga mwawo chifukwa cha tsankho, kotero kuti popita ku Ulaya zinkazungulira kunyanja ya Atlantic. Azungu a ku Rhodesia atadzitengera ufulu m'chaka cha 1965, dziko lawonso linasalidwa. Malawi, amene anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa m'chaka cha 1967, anasanduka mlatho: munthu wochokera ku Salisbury kapena ku Johannesburg ankatha kusintha ndege pa Chileka n'kupitirira ku Nairobi. M'mwezi wa December 1974 Air Malawi inayamba kuulutsa ndege yake yaikulu ya VC10 kupita ku London. Chinali chinthu chonyaditsa kuona dzina la dziko lathu pabwalo la Gatwick, koma ndegeyo inkamwa mafuta kwambiri pa nthawi imene mafuta anali atakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo m'chaka cha 1979 ulendowo unaimitsidwa.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, bwalo lakale lija linaoneka kuti n'lochepa, pomwe msewu wothamangapo ndege wa ku Chileka unali wopapatiza kwa ndege zikuluzikulu. Motero boma linamanga bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Makampani a ku Ulaya monga British Airways ndi KLM anayamba kutera kumeneko. Wansembe wa ku Nambuma wopita kukaphunzira ku Ulaya, kapena namwino wa pachipatala cha St. Gabriel ku Namitete, ankatha kukwera ndege madzulo pa Lumbadzi n'kukatsika mmawa ku London kapena ku Amsterdam, ngakhale kuti inkaima panjira kutenga anthu ena.

Mwayi umenewu sunakhalitse. Ndege yaikulu imanyamula anthu mazana atatu kapena kuposerapo, ndipo kuti ipindule iyenera kudzaza ulendo uliwonse. Malawi analibe okwera ochuluka chotero. Tsankho litatha ku South Africa m'chaka cha 1994, Johannesburg inatsegukira dziko lonse. KLM inagula gawo la Kenya Airways pakati pa zaka za m'ma 1990, n'kuona kuti n'chapafupi kutula anthu ku Nairobi kuti mnzakeyo awagawe m'maiko oyandikana. Zaka za m'ma 2000 zisanathe, makampani a ku Ulaya anali atasiya kutera m'Malawi. Air Malawi nayo, italemedwa ndi ngongole, inathetsedwa m'chaka cha 2013. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, imene inayamba maulendo ake mu January 2014, ndipo magawo 49 pa 100 aliwonse a kampaniyi anatengedwa ndi Ethiopian Airlines. Nzeru imene Wenela inagwiritsa ntchito pa Francistown, yosonkhanitsa anthu pamalo amodzi asanapitirire, ndiyo ikulamulira maulendo a pandege lero.

Choncho munthu wa ku Nsaru amene wapeza malo a sukulu ku Britain, ku India kapena ku China ali ndi zipata zitatu zikuluzikulu: Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Chipata chilichonse chili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Ku Johannesburg ndi ku Nairobi ndi ulendo wa maola awiri ndi pang'ono kuchokera pa Lumbadzi, pamene ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi anayi. Koma wopita ku London kudzera ku Johannesburg amayamba wabwerera kummwera, kenaka n'kuuluka maola khumi ndi limodzi kulowera kumpoto kumene wachokera. Wodzera ku Addis Ababa amakhala atadula kale gawo la mtunda, ndipo amatsala ndi maola asanu ndi atatu okha. Komabe Johannesburg ili ndi makampani ambiri a ndege, kotero kuti wopita ku Australia kapena ku South America angapeze njira yabwino kumeneko.

Posankha, mtengo wa tikiti ndiwo umayamba kuonedwa, makamaka chifukwa mitengoyi imawerengeredwa pa dola ya ku America. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti m'chaka cha 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'chaka cha 2023, tikiti yomweyo inafuna mabelo a fodya ochuluka kuposa kale. Koma wanzeru sayang'ana mtengo wokha. Amafunsa kuti akadikira maola angati pabwalo losinthira ndege, pakuti nthawi ikachepa kwambiri ndege yachiwiri imamusiya, ndipo ikachuluka amagona pampando ndi njala. Amafunsa ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, chifukwa zikatero kampani ndiyo imasamutsa katundu wake ndi kumupezera ndege ina akachedwa. Koma akagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, ndege yoyamba ikachedwa tikiti yachiwiri imatha kupsa. Amafunsanso ngati dziko limene akadutsemo limafuna viza ngakhale kwa wongodutsa, ngati pakufunika chiphaso cha katemera wa yellow fever, ndi kulemera kwa katundu wololedwa. Safunsa anadya phula.

Tisaiwale kuti ambiri mwa anthu a m'dera lino opita ku Joni masiku ano sakwera ndege. Amakwera basi ku Lilongwe, kutulukira pa Dedza, kuoloka Zambezi pa Tete, kudzera pa Nyamapanda ndi Beitbridge, kutsata pafupifupi njira imene agogo awo anaiponda ndi mapazi. Ndiponso m'mwezi wa November 2023 achinyamata oposa 200 ananyamuka pabwalo la Kamuzu pa ndege yochita kubwereka, kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati m'chigawocho. Monga m'masiku a Wenela, amene anasankha ndege ndi njira anali wolemba ntchito.

Pomaliza, mbiri iyi ikutionetsa kuti njira ya ulendo wautali yakhala ikusankhidwa ndi msonkho, migodi, ndale ndi phindu la makampani, ndipo wapaulendo mwini wake wakhala womaliza kufunsidwa. Amuna amene anafera ku Francistown analibe mwayi wofunsa za ndege imene anakwera. Wophunzira wa lero amene amatha kuwerenga tikiti, kuyerekeza njira ndi kumvetsa mgwirizano asanasaine ali ndi ufulu umene agogo ake sanaulawe, ndipo ayenera kuugwiritsa ntchito mosamala.