Sukulu za Mkombaphala: Amalipira Ndani?

Sukulu za mkombaphala, zomwe ena amazitcha za mmera mpoyamba, ndi malo omwe ana a zaka 3 mpaka 5 amasonkhanako kuti azisewera, kuimba, kuzindikira malembo ndi manambala, ndi kulandira phala asanayambe Sitandade 1.

Maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, koma mkombaphala sunalowe nawo m'ndondomekoyi. Sukuluzi zakhala zikuyang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi ana, osati wa zamaphunziro, ndipo ozilera ana samakhala pa malipiro a aphunzitsi a boma.

Chiyambi chake sichinali cha boma. Magulu oyamba anayambitsidwa ndi mipingo ndi anthu akufuna kwabwino m'matauni, ndipo m'chaka cha 1970 anapanga bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma mothandizidwa ndi UNICEF linayambitsa malo olerera ana a m'madera, odziwika kuti ma CBCC. Malowa anachuluka pamene Edzi inasiya ana amasiye ambiri. Ndondomeko ya dziko yoyendetsera ntchitoyi inatuluka m'chaka cha 2003.

Pa CBCC salipiritsa fizi, komatu ulerewu uli ndi ousenza. Makolo ndi mafumu amasankha komiti, amaumba njerwa, amasonkha ufa ndi nkhuni. Alezi, omwe ambiri ndi amayi, amagwira ntchito mongodzipereka. Kumudzi izi zimatheka ndithu, poti pali munda wa gulu ndi malo opatsidwa ndi mfumu. Ku Chitawira, Zingwangwa, Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri zinthu n'zosiyana: malo ndi osowa, ufa ndi wogula, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsika sangasiye benchi lake tsiku lonse kukalera ana a eni popanda kanthu. N'chifukwa chake m'matauni mwachuluka sukulu za nazale zolipira, zina m'nyumba za lendi, zina m'maholo a mipingo. Mwana wa m'banja losauka amatsala pakhomo, n'kudzakumana ndi choko koyamba ali ndi zaka 6, m'kalasi yodzaza, pambali pa anzake odziwa kale kulemba dzina.

Thandizo lalikulu lachokera kunja. M'chaka cha 2018 World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 60 miliyoni za pulojekiti ya Investing in Early Years, yofikira maboma 13. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linabadwira m'Malawi muno m'chaka cha 2002, limaphikira phala ana a pulayimale ndi a mkombaphala omwe. Ku Chilomoni kuli Mother Teresa Children's Centre, ya pansi pa Beehive.

M'chaka cha 2015 Malawi inavomereza zolinga za chitukuko za United Nations, zomwe china mwa izo chimafuna kuti pofika 2030 mwana aliyense azidzera ku mkombaphala asanalowe pulayimale. Kuti izi zitheke m'matauni, malipiro a alezi ayenera kuchokera m'bajeti ya boma.