Mbiri ya Kukayika za Chiyambi cha Thambo ku Machinga ndi Balaka

Kalekale Ayao anali ndi nthano yawo ya chiyambi, yakuti nanzikambe anatchera mono m'madzi, napezamo mwamuna ndi mkazi, ndiwo anthu oyamba. Pambuyo pake Chisilamu chinadza ndi malonda a ku gombe, ndipo ana a kwa Kawinga ndi kwa Liwonde anaphunzira m'madrasa kuti Mulungu analenga zonse m'masiku 6. Pamene ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Utale m'chaka cha 1908, iwonso anaphunzitsa masiku omwewo kuchokera m'buku la Genesis. Pa mfundo imeneyi shehe ndi wansembe sanatsutsane konse.

Chimene analimbirana chinali mwana. Makolo ambiri achisilamu anakaniza ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa, kotero kuti mawu a m'kalasi anayesedwa msampha, ndipo manthawo sanathe msanga. Tsono chiphunzitso chakuti thambo linayamba kufutukuka zaka 13.8 biliyoni zapitazo chinafika pakati pa anthu amene anaphunzira kale kukayikira sukulu. Mphunzitsi amene ayesa kukayika kumeneku umbuli sanaimvetse mbiri ya dera limene atumidwako.

Chodabwitsa n'chakuti mwini ganizolo anali wansembe wachikatolika, Georges Lemaître wa ku Belgium. M'chaka cha 1927 iye anaonetsa ndi masamu kuti thambo likufutukuka, ndipo mu 1929 Edwin Hubble anaona kuti magulu a nyenyezi akutali akuthawa mofulumira koposa apafupi. Okayika oyamba anali akatswiri anzake. Fred Hoyle wa ku Cambridge, amene anatcha ganizolo Big Bang pa wailesi mu 1949, analikana kufikira imfa yake mu 2001. Ambiri anagonja mu 1965, pamene Penzias ndi Wilson analengeza kuti apeza kufunda kotsalira kwa moto woyambawo, kochokera ku mbali zonse za thambo.

Papa Pius XII ananena mu 1951 kuti sayansi yachitira umboni chilengedwe, koma Lemaître sanakondwere nazo. Kwa iye funso lakuti thambo linakula bwanji linali la masamu, ndipo lakuti analilenga ndani linali la chikhulupiriro. Sanalole kuti limodzi liyankhire linzake, ngakhale pomwe wolankhulayo anali mkulu wa mpingo wake.