Mmene Magetsi Anafikira pa Khosi la Wodwala

Nkhaniyi inayambira pa chule. Mu 1791, Luigi Galvani wa ku Bologna, m'dziko la Italy, anasindikiza zimene anaona: mwendo wa chule wakufa unkadzikoka mtsempha wake ukakhudzidwa ndi mphamvu ya magetsi.

Panapita zaka 120. Mu 1911, Thomas Graham Brown, akugwira ntchito ku Liverpool, anaonetsa kuti mphaka wodulidwa mtsempha waukulu wa mumsana amathabe kuponya miyendo yakumbuyo mosinthanasinthana. Apa zinaoneka kuti msana suli njira yongodutsamo uthenga wa ubongo, koma uli ndi kayendedwe kakekake. Anzake ambiri sanazilabadire.

Magetsi atalowa m'msana wa munthu, analowera nkhani ina. Mu 1967, dokotala wa ku America, Norman Shealy, anaika timawaya pamtsemphawo mwa munthu wodwala khansa, cholinga chili chongoziziritsa ululu basi. Za kuyenda zinatulukira mwangozi mu 1973, pamene madokotala Cook ndi Weinstein anaona kuti wodwala matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis amene ankamuchiza ululu mwa njira yomweyi wayamba kusuntha bwino miyendo.

Nthawi yathu ino inatsegulidwa mu 2011 ku Louisville, ku America. Ofufuza Susan Harkema ndi Reggie Edgerton analengeza za Rob Summers, mnyamata amene anafa ziwalo atagundidwa ndi galimoto mu 2006. Anamuika kachipangizo ka timaso 16 totulutsa magetsi m'munsi mwa msana, ndipo atachita mafizo kwa miyezi, anaimirira ndi miyendo yake. Mu 2018, ku Lausanne, Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch anayendetsa anthu atatu ovulala msana, magetsi akumayaka molingana ndi kuponya kwa phazi.

Manja anabwera pomalizira, zimene ine ndimaona ngati kuchedwa, poti wovulala khosi ukamufunsa chimene akufuna poyamba, amatchula zala: kumanga batani, kugwira supuni, kudzisambitsa popanda kuitana munthu. Mu 2024, magazini ya Nature Medicine inafalitsa kafukufuku wa Up-LIFT. Apa panalibe kung'amba. Timapepala ta magetsi tinkangomatidwa pakhungu kumbuyo kwa khosi, ndipo mwa anthu 60 ovulala khosi, oposa 40 anapezako mphamvu m'manja. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, bungwe la ku America loona za mankhwala, la FDA, linavomereza makinawo, otchedwa ARC-EX.

Ndiye tafika pa opaleshoni ya khosi. Dokotala amachotsa chimene chikupanikiza mtsempha n'kulimbitsa mafupa ndi tizitsulo, koma dzanzi ndi kufooka kwa zala nthawi zambiri zimatsalira. Apa ndi pamene magetsi amabwera, ngakhale salumikiza chimene chinaduka. Amangodzutsa timitsempha timene tinapulumuka kuti timve mawu ofooka ochokera ku ubongo, n'chifukwa chake makina akamayaka wodwala sakhala chete. Amakhala patebulo ndi wamafizo, akulimbana kutola ndalama yachitsulo kapena kupotoza kiyi, mobwerezabwereza, kangapo pa mlungu.