Kodi Katemera wa Malungo Mwini Wake Ndani?

Mayi wa ku Nsaru, Kabudula kapena Namitete akabereka mwana wa miyezi 5 kupita naye ku sikelo, amakalandira katemera wa malungo osalipira kanthu. Komabe katemerayu ali ndi mwini wake, ndipo mbiri ya umwiniwo ndiyofunika kuti omvera aidziŵe.

Katemera wa RTS,S anapangidwa m'chaka cha 1987 ku Belgium ndi akatswiri a kampani imene lero ikutchedwa GSK, mothandizana ndi ofufuza a asilikali a ku America. Kampani ikatulukira chinthu chatsopano imatenga chikalata chotchedwa patenti, chimene chimaletsa ena kupanga chinthucho popanda chilolezo. Malinga ndi malamulo a malonda a pakati pa maiko, chikalatachi chimagwira ntchito zaka 20. Koma katemerayu anatenga zaka 32 kuti afike pa sikelo zathu.

Kuyambira 2009 kufikira 2014 anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko 7 a mu Africa, ndipo ena mwa anawo anali a ku Lilongwe. Pa 23 Epulo 2019, dziko la Malaŵi linakhala loyamba kumpereka pamodzi ndi akatemera ena a ana. Chigawo cha kumidzi cha Lilongwe chinali m'gulu la maboma 11 osankhidwa. Ghana ndi Kenya anatsatira. Kafukufuku wa m'maiko atatuŵa anaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 iliyonse.

Bungwe la zaumoyo la WHO litamuvomereza mu Okutobala 2021, maiko ambiri anamufuna, koma anapereŵera. Mu 2023 maiko 12 anagaŵana madozi 18 miliyoni okha a zaka zitatu. Apa zinaoneka kuti chikalata si mpanda wokhawo. Ngakhale nthaŵi yake itatha, luso lophikira katemera ndi zipangizo zake zimakhalabe m'manja mwa mwini wake. Katemerayu amasakanizidwa ndi mankhwala olimbikitsa chitetezo cha thupi otchedwa AS01, amene mbali yake ina imachokera ku khungwa la mtengo wa ku Chile.

Mu Januwale 2021 GSK inagwirizana ndi kampani ya Bharat Biotech ya ku India kuti iiphunzitse kupanga katemerayu, koma ntchito yopanga AS01 inaisunga yokha. Mu Okutobala 2023 WHO inavomereza katemera wachiŵiri, R21, wochokera ku yunivesite ya Oxford, wopangidwa wochuluka ndi Serum Institute of India. Opanga atachuluka, vuto la kupereŵera linayamba kuchepa.

Nkhani za zikalata zimakambidwa kutali. Gawo lotsala lili m'manja mwa makolo: kubwerera ndi mwana ku sikelo pa miyezi 6, pa miyezi 7, ndiponso pa miyezi 22, pakuti chitetezo chimakwanira mwana akalandira kanayi konse.